Chitini cha pa Njiri

Wakuba amene amasiya wailesi ndi woopsa kuposa amene amaitenga. Ba Eneless anaganiza zimenezi Lolemba m'mawa, ataima pakati pa nyumba ya mlongo wawo ku Dambwa North, bulangeti lochokera nalo kuchipatala likadali kukhwapa. Wailesi inali pamalo pake. Njinga inalipo. Ngakhale shuga, amene chaka chimenecho cha 1994 anthu ankamubisa ngati mimba ya pasukulu, anali phee m'kabati. Chitseko sichinathyoledwe.

Koma mlongo wawoyo, ba Fidelis Daka, anali atakhala pasimenti, chitini cha mabisiketi chili pamiyendo, chopanda kanthu.

"Iwe Fide, nyamuka. Masabata atatu chibayo chakulephera pa bedi ya boma, manje ufuna kufera pansi ngati nkhuku?"

"Ba sisi, atenga kope ya miyeso. Atenga makalata ya mzungu." Anapendeketsa chitinicho. "Atenga chithunzi cha Njiri."

Nkhani ya Njiri ba Eneless anaimva mpaka makutu kuchita zipsera. Mu 1942, nkhondo ya azungu ili mkati, kapitawo wachizungu wa pa kampani ina ya matabwa, imene inafa kalekale, anaganiza zopanga galimoto yophwanya akasinja a adani. Anatenga thirakitala yokokera mitengo, n'kuiveka zitsulo za boyila ya sitima, pamwamba n'kuikapo mzinga. Inapangidwa imodzi yokha. Tsiku loiyesa inaomba kamodzi, ekiselo ya mawilo akutsogolo n'kuthyoka, chigalimoto chonse n'kugwada ngati njiri ikamadya. Dzina linachokera pamenepo. Kunkhondo sinapondeko. Anaiphwasula, zitsulo n'kubwerera kumene zinachokera.

Amene anawotcherera zitsulozo anali bambo awo, Sandalamu Daka, amene anamwalira ba Fidelis akukwawa. Palibe buku limene linalemba dzina lawo.

Chithereni ntchito ya kunjanji, zaka zisanu ndi chimodzi, ba Fidelis analibe china koma kupanga Njiri yaing'ono ya malata, yochepetsedwa ka makumi atatu ndi kasanu, bawuti iliyonse pamalo pake. Anafunsa nkhalamba zitatu zimene zinaiona ndi maso, ndipo zonse zinali zitatsamira mkono. Chithunzi chinali chimodzi padziko lonse, anachipeza kwa mayi wamasiye ku Kalomo. Cham'mbali mwake munaima Sandalamu, kumbuyo kuli dzina lawo la pensulo. Poti panalibe china chodziwika kukula kwake, miyeso yonse ba Fidelis anaitenga pa msinkhu wa bambo awowo, atawapatsa mafiti sikisi, msinkhu wa iwo eni. Kukajambulitsa china ku situdiyo ankakana, ati sichingagone kwa eni ngakhale usiku umodzi.

Njiri yosathayo inali pathebulo, wakuba sanaikhudze. Pa madigadi akumanzere, pamwamba pa wilo, panali malo opanda kanthu.

"Apa mpaka lelo sunaikepo?"

"Kasefa kaja. Pa chithunzi kaoneka ngati sefa ya mafuta, kali na paipi, koma siniziba kumene paipi ipita. Siningaike chinthu chamene sinimvetsa." Anapukuta m'maso. "Ba sisi, mzungu wa magazini afika Lachinayi. Zaka ziwiri tilembelana. Anati akaona chithunzi azalemba dzina ya atate. Manje nizamuonetsa chani? Mano?"

Mzunguyo ba Eneless anamutcha Kandevu asanamuone n'komwe. Zidole za mlongo wawo sankazifuna, ndipo chithunzicho anachiyang'anapo kamodzi kokha, nkhope ya bambo awo basi, n'kuchikankha.

"Uganizira ndani?"

"Mukuka. Ndiye yekha amene aziba kuwotcherera malata ang'ono."

Ba Eneless anamanga chitenje mwamphamvu. Kupolisi sanaganizeko n'komwe. Munthu ungakaime pa kauntala n'kunena kuti akubera chithunzi cha thirakitala yogwada?

*

Moyang'anana ndi khomo la ba Fidelis munali mtengo wa mango, ndipo pansi pake ba Sepo, mayi wachilozi, ankaluka tsitsi kuyambira dzuwa kutuluka mpaka kulowa. Masiku sankawerenga pa kalendala. Ankawerenga mitu.

"Eni sha, ba Eneless, ine niona zonse," anatero mosathamanga, zala zikuyenda m'mutu mwa kasitomala. "Sabata yoyamba, pa Mande, ninali pa mutu wa ba nesi. Kunalibe munthu. Pa Chiwiri, mutu wa ba Anna, uja wouma ngati sipanji ya mapoto. Kunalibe munthu. Pa Chitatu mutu wa mkwatibwi, maola seveni, musana unaniphwanya."

"Mitu isiyeni, ba Sepo, nifuna miyendo. Ndani analowa pa khomo apo?"

"Kulibe. Masabata yonse yatatu, kulibe munthu."

"Mukuka?"

"Uja wa pakamwa? Nikanamumva akali ku sitesheni ya mabasi."

Ba Eneless anatembenuka kuti azipita.

"Kuchotsako chabe ba Lillian," anawonjezera ba Sepo, ulusi uli kukamwa. "Koma uja si munthu, ni mwana wa pa nyumba. Tsiku ya mkwatibwi. Anatenga kiyi mu njerwa mwamene mubisa, anati abwela kutenga bulangeti ya ba tate bake ku chipatala."

Ba Eneless anayang'ana kukhwapa kwawo. Bulangetilo linali lawolawo, la mizere yofiira, analinyamula okha kuchokera ku Dambwa Central tsiku logonekedwa wodwala. Ndipo masabata atatu onsewo Lillian, mwana yekhayo wa ba Fidelis, sanapondeko kuchipatala ngakhale kudzasuzumira pawindo.

Anakwera minibasi ya ku Maramba akupemphera kuti wakuba akhale Mukuka.

*

Kumapeto kwa msika wa Maramba, kumene amakhoma mbaula ndi ndowa, phokoso lake limagonthetsa ndi ntchentche zomwe. Ba Mukuka anawaona ali patali. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa akakumana, moni wake ndi matonzo, ndipo wokwiya ndiye wagonja.

"Bisani mbeba, alamu! Yafika nkhalamba ya ku Katete!"

"Khala chete, wodya anyani iwe. Nabwela kukumanga."

"Nimangeni, mayo, nikadye zaulele. Naba chani?"

"Chithunzi cha Fide."

Kuseka kunathera panjira. Ba Mukuka anakweza dzanja lamanja. Linali mu pulasitala kuyambira m'zala mpaka m'chigongono, wakuda ndi mwaye, ana atalembapo mayina awo.

"Mwezi na hafu, mwandi. Chitseko cha minibasi. Kumanga buluku animanga ni mukazi wanga. Ku Dambwa sininapondeko, koma ku chipatala ninapita kawiri, mufunseni. Ninamupelekela nthochi."

"Anati unadya wekha."

"Wodwala analibe apetaiti! Nizitaye?" Anatsitsa mawu, n'kuwakokera kuseri kwa mulu wa mbaula. "Ba Eneless, ine Fide nimunyoza, koma siningamube. Ile Njiri ni mutima wake. Koma mvelani. Masabata yatatu yapita, kunabwela munthu kubweleka kaini kanga kowotcherera, kaja kang'ono. Anatola tuzidutswa twa malata, anafunsa kwamene bagulitsa penti ya gilini ya masoja. Nati, iwe, mbidzi za waya zakukana? Ati, ba yama, napeza oda ya mzungu."

"Ndani?"

"Mukamwini wanu. Dennis."

*

Ku Mosi-oa-Tunya madzi anali atachepa, mathithi akungolira chapansipansi ngati mfiti yogwidwa. Anyani ankayendayenda pakati pa magalimoto a alendo. Pa mzere wa ogulitsa ziboliboli, Dennis, mwamuna wa Lillian, anali atavala magalasi akuda, akupukuta mvuu ya mtengo ndi polishi wa nsapato.

"Ba anti! Mwatiyendela! Khalani apa pa mupando wa mafumu. Ba pongozi bali bwanji? Ine na bizinesi iyi, nthawi ilibe, koma mu mapemphelo tinali nabo."

"Mapemphelo yanafika, mwana wanga. Nthochi ndiye sizinafike."

Maso a ba Eneless anali pansi pa thebulo, pamene china chake chinafundidwa chitenje. Anachita ngati akuwerama kukanda mwendo, n'kusolola chitenjecho.

Njiri inali pamenepo, yathunthu, yobiriwira, mzinga uli tololo. Inali yopangidwa mothamanga, mtovu uli mabalamabala, koma inali Njiri.

Dennis sanaphethire n'komwe. "Aa, mwaiona. Ni ya ba shikulu banga iyi, ba gogo Akapelwa. Ndiye banaipanga mu nkhondo. Banali kunishimikila nkhani yake nili mwana, zonse zili mu mutu umu. Ba pongozi si beka bali na mbiri, ba anti."

"Chithunzi unachiona?"

"Chithunzi chabwanji? Ine mu nyumba mwa ba pongozi sininalowemo kuchokela pa Khisimisi. Funsani aliyense."

"Mzungu ukumana naye liti?"

"Pa Chitatu, ku hotela." Anazindikira mochedwa kuti funsolo linali ndi mbedza. "Ni mzungu chabe, wa ma kiyuriyo."

Ba Eneless sanamumvenso. Anali atagwada, nkhope pafupi ndi madigadi akumanzere. Pamalo paja pamene mlongo wawo anasiya popanda kanthu, apa panali kanthu. Kanali kozungulira, kochepa ngati chala chamanthu, kachivundikiro kake kophwanyika mbali imodzi. Kuchokera m'khutu mwake kawaya kanatsika n'kukalowa mu injini.

Anakaloza ndi chala.

"Aka ni kachani?"

"Sefa ya mafuta, ba anti. Vinthu va mainjiniya, simungamvetse. Iyi ni paipi yake."

"Ba Akapelwa ndiye banakuuza?"

"Na pakamwa pabo."

Ba Eneless anaseka. Anaseka mpaka mzungu wina amene ankatsika mtengo wa ng'oma anatembenuka. Sikunali kuseka kokoma. Kunali kuja kumene munthu amaseka pamaliro akaona wolira kwambiri ndi amene anapha.

Sefa ya mafuta! Kuphwanyika kwa chivundikiro kuja anakuchita ndi iwo, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atapunthwa pa njanji akuperekera bambo awo chakudya chamasana. Anakwapulidwa nako. Chinali chitini cha chakudya cha Sandalamu. Tsiku lojambula anangochiika pa madigadi, chogwirira chake cha waya chili lende. Palibe gogo aliyense akanasimba za chitini chimenecho. Wochiika pa Njiri anachiona pa chithunzi, ndipo paipi yolowa mu injini anaikopera m'kope la munthu amene anasinkhasinkha zaka zisanu ndi chimodzi osapeza yankho.

Yankholo linali pa shelefu kukhitchini kwa ba Eneless, muli mchere.

"Ipukute bwino sefa yako," anatero akudzuka. "Ingadonthe supu."

*

Lillian anamupeza kuseri kwa nyumba yawo ya lendi ku Libuyu, akuchapa. Sanadzuke kuwalandira. Anayang'ana bulangeti la mizere yofiira limene ba Eneless anali atalinyamulabe, n'kupitiriza kufikisa malaya.

"Nabweletsa bulangeti yamene unaiwala," anatero ba Eneless, n'kuliponya pa chingwe.

"Ba Sepo balankhula maningi."

"Ba Sepo baluka chabe. Walankhula ni iwe, posabwela ku chipatala. Lillian, atate ako anatsala pang'ono kupita."

"Banali na imwe."

"Mwana iwe!"

Lillian anaponya malaya m'beseni, thovu n'kuwaza. "Ba mami pamene banali kufa, ndani anali nabo? Ine. Nili na zaka naintini, neka, kubatembenuza, kubapukuta. Ba dadi banali kuti, ba anti? Nenani, muziba. Ku Kabwe! Kukafunsa nkhalamba ngati mawilo ya Njiri yanali na mabawuti sikisi olo eyiti. Ba mami banafunsa katatu, abwela? Nati ali panjira. Banabwela na kope yozula, banapeza tachotsa kale mipando mu nyumba." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Yanali eyiti. Banauza bantu pa malilo."

Pamaliropo ba Eneless analipo. Za mabawuti anazimva ndi makutu awo, ndipo tsiku limenelo ndi limene anasiya kuyang'ana chilichonse cha Njiri.

"Dennis anakutuma?"

"Dennis anafuna chabe mzungu uja wa mu makalata. Ine ninafuna babwele bapeze mu chitini mulibe kanthu. Bamveko."

"Wamva. Nabwela namusiya pa simenti. Manje nipatse."

Lillian analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi jumbo ya pulasitiki. Munali kope, makalata omanga ndi mphira, ndi envulopu. Pamene ba Eneless ankatsegula envulopuyo, mtsikanayo anayang'ana kumbali.

Njiri inalimo, itaima pa mawilo ake onse, isanagwade. Kapitawo wachizungu analimo, manja m'chiuno. Koma mbali yakumanja chithunzicho chinathera mowongoka kwambiri, mwa lezala. Pamene panaima Sandalamu panatsala nsonga zitatu za zala, zitagwira chitsulo.

"Dennis anati nkhope ifanana maningi na ba dadi, na dzina inali kumbuyo," Lillian anatero motsitsa. "Ine sininazibe kuti azadula. Shuwa, ba anti."

"Kachidutswa kali kuti?"

Lillian analoza ndi mlomo. Pakhomo panali mbaula, phulusa lake lozizira kale.

*

Anadzera kwawo ku Dambwa Central, n'kufika kwa mlongo wawo dzuwa litapendeka. Ba Fidelis anali atasamukira pampando, akuyang'ana Njiri yawo yosatha. Analandira kope ndi manja awiri ngati mkate wa kutchalitchi. Kenako anatsegula envulopu.

Sanalire. Anayendetsa chala m'mphepete modulidwamo, kukwera, kutsika, kukwera.

"Nkhope yabo ninali kuiziba apa chabe," anatero. "Manje dzina yapita, na muyeso wapita. Mzungu azaona thirakitala na mzungu munzake."

Ba Eneless anamasula mfundo ya chitenje, n'kuika chitini pathebulo, kuti gu. Anachivundukula, n'kukhuthulira mchere wonse pa nyuzipepala.

"Tenga galasi yako ija yokulitsa. Yang'ana sefa yako ya mafuta. Ukatsiriza uyang'ane ichi."

Ba Fidelis anayang'ana pa chithunzi. Anayang'ana chitini. Anabwereranso pa chithunzi, pa chivundikiro chophwanyika, pa chogwirira cha waya chopindikira kumanzere.

"Tembenuza," anatero ba Eneless.

Kunsi kwake kunali timabowo tosabowoka, tokhomedwa ndi msomali, monga ankachitira amuna onse a pa kampani ya matabwa ija kuti zitini zisasokonekere: S. DAKA 1941.

"Ba sisi. Zaka zonse izi chinali kwanu?"

"Unanifunsapo? Unapita ku Kalomo, ku Kabwe, kufunsa nkhalamba za eni. Ine wa pa Dambwa pano unati siniziba kuwerenga." Anakankhira chitini kwa mlongo wawo. "Naine sininafune kuyang'ana. Tonse tili na mulandu, usanitenge ngati mngelo."

Manja a munthu wa ntchito sadikira mtima. Ba Fidelis anali atatola kale kalipa, chida chawo choyezera cha mano awiri. Anayeza chitini kukamwa kwake, n'kulemba. Anayeza kachitini ka pa chithunzi, n'kulemba. Anachulukitsa, anagawa, n'kubwerezanso. Kenako anatsegula kope patsamba loyamba, pamene panali miyeso ya bambo awo, n'kuifananiza ndi yatsopanoyo.

"Yonse ni yolakwa," anatero. "Njiri yanga yakula maningi. Atate sanali mafiti sikisi."

"Sikisi? Kanali kamunthu kafupi ngati ine, ka ukali ngati mavu. Utali uwo unatenga kwa amayi."

Ba Fidelis anayang'ana malata a zaka zisanu ndi chimodzi ali pathebulo. Pofika Lachinayi sakanatha kupanga ina. Kandevu adzapeza Njiri yosatha ndi yolakwika, chithunzi chodulidwa, ndi chitini chonunkha mchere chokhala ndi dzina kunsi. Dzinalo adzalilemba, poti chivundikiro sichinama. Koma nkhope ya Sandalamu inali itapita ndi utsi wa ku Libuyu.

"Chitseko sichinathyoledwe," anatero ba Fidelis, osakweza mutu. "Siniza funsa ndani. Koma niuzeni chimodzi. Anafunsako ngati nachila?"

Ba Eneless, amene bodza linkawatuluka mosavuta ngati kuyetsemula, anatsegula pakamwa. Silinabwere. Anayamba kusonkhanitsa mchere ndi m'mphepete mwa dzanja, pang'onopang'ono, kuti ngakhale kambewu kamodzi kasagwe pansi.

"Mabawuti yanali eyiti, Fide," anatero. "Akumbukila."